Milandu ya kuba luso: zoyenera kusankha loya ndi mwini ntchito asanafike ku khoti

Nyimbo yojambulidwa ku Ulónguè lero, mawa imamveka kale pamsika wa Domwe, ndipo sabata isanathe imakhala itawoloka pa Calómuè n'kufika ku Dedza ndi ku Lilongwe. Imayenda pa memore khadi, pa fulashi, pa WhatsApp ndi pa YouTube. Buku la nyimbo za kwaya, chithunzi, sewero la pa wailesi ndi kanema wojambulidwa pa foni zimayendanso motero. Mwini wake akamva kuti wina akudyerera thukuta lake, mtima umathamangira ku khoti.

Koma mlandu wotere ukhoza kufa woweruza asanaone n'komwe pepala loyamba. Moyo wake umadalira zimene loya, amene kuno timamutchanso adivogado, wasankha m'masabata oyambirira: wosuma akhale ndani, umboni usungidwe bwanji, wolakwayo achenjezedwe liti, mlandu ulowere khomo liti, ndiponso m'dziko liti. Nkhani ino ikufotokoza zisankho zimenezi motsatana. Talembera maloya, alangizi a zamalamulo a ku IPAJ, komanso oimba, olemba ndi ojambula amene akufuna kumvetsa zimene loya wawo akuchita.

Lamulo lake ndi liti

Ndime 94 ya malamulo aakulu a dziko la Moçambique imati boma limateteza ufulu wa anthu pa zimene apanga ndi nzeru zawo, kuphatikizapo ufulu wa mwini luso, umene pa Chipwitikizi amati direito de autor. Lamulo lofotokoza ufuluwu mwatsatanetsatane ndi Lei n.º 9/2022 la pa 29 Juni 2022, limene linalowa m'malo mwa Lei n.º 4/2001 la pa 27 Febuluwale 2001. Choncho loya ayambe wafunsa za masiku: ntchito inapangidwa liti, mgwirizano unasainidwa liti, kubako kunayamba liti. Zimene zinachitika lamulo latsopano lisanayambe kugwira ntchito zikhoza kuweruzidwa ndi lamulo lakale.

Pali mfundo zinayi zofunika kuzisunga. Yoyamba, ufulu umabadwa pamene ntchito yapangidwa, sudikira kalembera. Kulembetsa ntchito ku INICC, nthambi ya boma yoona za ntchito zaluso, kumathandiza ngati umboni, koma amene sanalembetse sanataye ufulu wake. Yachiwiri, ufuluwu uli pawiri: wa chuma, umene ungagulitsidwe kapena kubwereketsedwa, ndi wa dzina, wakuti munthu atchulidwe monga mwini ntchito ndiponso kuti ntchitoyo isapotozedwe. Wa dzinawu sugulitsidwa. Yachitatu, ufulu wa chuma umakhala moyo wonse wa mwini wake ndi zaka 70 iye atamwalira. Yachinayi, woimba, wojambula mawu m'situdiyo ndi nyumba youlutsa mawu ali ndi ufulu wawo wapadera, wotchedwa direitos conexos, wosiyana ndi wa amene anapeka nyimbo.

Wosuma akhale ndani

Funso ili limaoneka lapafupi, koma ndi pamene milandu imapunthwa msanga. Tiyerekeze kwaya ya ku Domwe imene nyimbo yake yaikidwa pa kanema wotsatsa malonda popanda chilolezo. Mawu analemba mayi wina, maimbidwe anapeka wotsogolera kwaya, oimba ndi anthu makumi awiri, ndipo ndalama za situdiyo analipira wamalonda wina wokonda kwayayo. Nyimbo ndi imodzi, koma eni ufulu ndi ambiri. Loya alembe mndandanda wa onsewa, aone amene ali ndi ufulu wanji, ndi amene ayenera kusuma limodzi. Khoti likapeza kuti wosuma si mwini ufulu, kapena kuti wina wofunika wasiyidwa, limamasula wosumiridwa osafika n'komwe pa nkhani ya kuba. Nthawi ndi ndalama zimakhala zapita.

Kenako afunse za mapepala. Kodi woimbayo anasainapo chilichonse ku situdiyo, kwa wogulitsa nyimbo kapena ku kampani yoika nyimbo pa intaneti? Lamulo limafuna kuti kusamutsa ufulu wa chuma kulembedwe, choncho wonena kuti anagula nyimbo yonse aonetse kalata. Afunsenso ngati mwini ntchitoyo ndi membala wa SOMAS, bungwe la eni luso a ku Moçambique limene linakhazikitsidwa mu 2000, kapena wa COSOMA ku Malawi. Membala amapereka ku bungwe mphamvu yotolera ndalama za kuulutsa ndi kuimba pagulu, ndipo pa nkhani zimenezo bungwelo likhoza kukhala loyenera kutsogolera.

Mwini ntchito akakhala kuti anamwalira, nkhani imalowa m'banja. Pa mwambo wa Achewa mbumba ya kuchikazi ili ndi mawu aakulu, pomwe kwa Angoni mzere wa kuchimuna ndiwo umalemera. Khoti silitsata zimenezi pozindikira wosuma. Limayang'ana lamulo la chuma cha masiye, Lei n.º 23/2019, limene limaika ana ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu patsogolo. Olowa m'malo atsimikiziridwe kaye pa ndondomeko yotchedwa habilitação de herdeiros, mlandu usanayambe.

Nyimbo zamakolo zili ndi vuto lawo. Ngoma ya Angoni kapena nyimbo za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Malawi, Moçambique ndi Zambia, sizinapekedwe ndi munthu mmodzi wodziwika. Lamulo la 2001 linkaika umwini wa zinthu zotere m'manja mwa boma. Woimba amene wakonza nyimbo yamakolo mwa njira yake angateteze zimene iye wawonjezera zokha. Loya amene wasuma ngati kuti nyimbo yonse ndi ya munthu wake wapatsa mbali inayo poyambira.

Umboni choyamba, chenjezo pambuyo

Ndime 342 ya Código Civil imati wonena kuti ali ndi ufulu ndiye ayenera kuutsimikizira. Wosuma aonetse zinthu zitatu: kuti ntchito ndi yake, kuti winayo anaigwiritsa ntchito popanda chilolezo, ndi kuti pali chimene wataya.

Pa umwini, chofunika ndi chilichonse chokhala ndi tsiku: kope lolembamo mawu, mafayilo oyambirira a ku situdiyo, malisiti, mauthenga a pa foni ndi wojambula, tsiku limene wailesi inaulutsa nyimboyo koyamba, chikalata cha INICC ngati chilipo. Foni kapena kompyuta yokhala ndi mafayilowa isafufutidwe, isagulitsidwe.

Pa kubako, umboni umatha msanga. Wobena nyimbo pamsika akamva mphekesera zoti kukubwera mlandu, kompyuta imagona kwina usiku womwewo. Kanema wa pa Facebook amachotsedwa m'kamphindi. N'chifukwa chake mwini ntchito asayambe ndi kukalipa pa wailesi kapena pa intaneti. Atume munthu wodalirika kukagula katunduyo pamaso pa mboni, asunge chogulidwacho osachisintha, alembe tsiku, malo ndi mtengo. Za pa intaneti zijambulidwe zikuonetsa adiresi ya tsamba, tsiku, dzina la woika ndi chiwerengero cha oonera. Lamulo la malonda ndi mauthenga a pa makina, Lei n.º 3/2017, limavomereza mauthenga otere monga umboni, koma mbali inayo ikhoza kunena kuti zithunzizo ndi zokonza. Kupita nazo kwa notário kuti atsimikize zimene waona kumatseka pakamwa pamenepo.

Mboni ikakhala yokalamba, yodwala kapena ili pafupi kusamukira kutali, Código de Processo Civil imalola kupempha khoti kuti limve umboni wake mlandu usanayambe. Pa Chipwitikizi amati produção antecipada de prova. Kwa anthu a m'malire, amene mboni zawo lero zili ku Domwe mawa zili ku Lizulu kapena ku Johannesburg, njirayi ndi yothandiza kwambiri.

Ku khoti mlandu umaola

Akuluakulu amati mlandu suola. Pabwalo la mfumu ndi zoona, koma ku khoti n'kosiyana. Ndime 498 ya Código Civil imapereka zaka zitatu zopemphera chipukutamisozi, kuwerengera tsiku limene wolakwiridwa anadziwa za ufulu wake. Cholakwacho chikakhalanso mlandu waupandu umene lamulo laupatsa nthawi yotalikirapo, nthawi yotalikayo ndiyo imagwira ntchito, koma loya wanzeru sadalira zimenezo. Amawerengera zaka zitatu.

Ambiri amaganiza kuti kalata yodandaula imaimitsa nthawiyi. Ayi. Chimene chimaidula kuti iyambirenso ndi samani kapena chidziwitso chodzera ku khoti, malinga ndi ndime 323, kapena wolakwayo akavomereza yekha ngongoleyo. Choncho zokambirana zikamatalika, loya apemphe khoti kuti lipereke chidziwitso chotchedwa notificação judicial avulsa. Chimatchipa poyerekeza ndi mlandu wonse, ndipo chimateteza ufulu pamene anthu akukambirana.

Makomo amene alipo

Umboni ukasungika, loya amasankha khomo lolowera. Makomowa sali ngati makwerero oti ayambire pansi. Amasankha potengera chimene mwini ntchito akufuna: kuti kubako kuleke, kuti alandire ndalama, kuti dzina lake litchulidwe, kapena kuti apeze mgwirizano wa mtsogolo.

Khomo loyamba ndi kalata yochenjeza. Itchule ntchito, ufulu, cholakwa, chofunika kuchita ndi tsiku lomaliza. Imathandiza kwambiri pamene wolakwayo ali ndi dzina loti ateteze, monga kampani, wailesi kapena wokonza zoimbaimba. Ilinso ndi phindu lina: wopitiriza atalandira kalata sanganenenso kuti sankadziwa. Kuipa kwake n'kwakuti imadzutsa wogona. Ngati loya akuganiza zopempha khoti kuti ligwire katundu modzidzimutsa, kalata isatsogole.

Khomo lachiwiri ndi la makampani a pa intaneti. YouTube ndi Facebook ali ndi mafomu opemphera kuti chinthu chobedwa chichotsedwe, potsatira lamulo la ku United States la 1998 lotchedwa DMCA. Njirayi ndi yaulere ndipo imafulumira, koma sibweretsa chipukutamisozi. Woikayo akatsutsa mwalamulo, kampani imabwezeretsa chinthucho pakati pa masiku 10 ndi 14 ogwira ntchito, pokhapokha wodandaula ataonetsa kuti wakasuma ku khoti. Musanadzaze fomu, dziwani chimene mudzachite akatsutsa.

Khomo lachitatu ndi la oyendera malonda a boma, amene ali ndi mphamvu yoyendera malo ogulitsira ndi kulanda katundu wachinyengo. Limathandiza pamene pali katundu wogwirika, monga mabuku okopedwa kapena ma CD ambiri. Lipoti lawo limadzakhalanso umboni wabwino.

Khomo lachinayi ndi mlandu waupandu. Lamulo limatchula milandu iwiri ikuluikulu: usurpação, kugwiritsa ntchito luso la wina popanda chilolezo, ndi contrafacção, kutenga ntchito ya wina n'kuionetsa ngati yako. Dandaulo limaperekedwa ku polisi kapena ku Procuradoria ya boma la Angónia, ndipo kufufuza kumatsogoleredwa ndi oimira boma pa milandu mothandizidwa ndi SERNIC. Ubwino wake n'ngwakuti boma ndilo limafufuza, ndipo lili ndi mphamvu yosecha ndi kulanda imene munthu wamba alibe. Kuipa kwake n'kwakuti liwiro la mlandu silikhalanso m'manja mwa wodandaula, umboni wofunika ndi wolemera, ndipo payenera kuoneka kuti wolakwayo anachita dala. Wodandaula amene akufuna kukhala ndi mawu apemphe kukhala assistente kudzera mwa loya. Pansi pa Código de Processo Penal ya 2019, pempho la chipukutamisozi chochokera pa mlandu waupandu limalowetsedwa, mwachizolowezi, mu mlandu womwewo, ndipo lili ndi nthawi yake yoperekera. Loya asankhe msanga ngati ndalama azipempha mmenemo kapena ali ndi chifukwa chololedwa chosumira padera. Kunamizira munthu dala ndi mlandu pakokha, choncho polisi isagwiritsidwe ntchito ngati chikwapu choopsezera munthu amene mwangosemphana naye pa mgwirizano.

Khomo lachisanu ndi mlandu wa pakati pa anthu, wopempha kuti khoti linene mwini ufulu, liletse kubako ndi kulamula chipukutamisozi potsatira ndime 483 ya Código Civil. Apa wosuma ndiye amayendetsa zinthu, komanso ndiye amasenza ndalama zoyambira.

Palinso kuyanjana. Lei n.º 11/99 imavomereza kuthetsa mikangano kudzera mwa mkhalapakati kapena oweruza osankhidwa ndi eni mkangano, ndipo mgwirizano wina umakhala ndi ndime yolamula njira imeneyi; loya aiwerenge asanasume. Mabwalo a m'midzi a pansi pa Lei n.º 4/92 ndi mafumu angayanjanitse anthu a mudzi umodzi pa nkhani yaing'ono. Chimene chagwirizanidwa kumeneko chilembedwe ndi kusainidwa, ndipo kumbukirani kuti zaka zitatu zija zikuyendabe.

Chiletso chachangu

Nthawi zina kudikira chigamulo n'chimodzimodzi kuluza. Kanema wotsatsa malonda akuulutsidwa tsiku ndi tsiku, kapena mabuku okopedwa akugawidwa sukulu zisanatsegulidwe. Apa loya angapemphe chiletso chachangu, providência cautelar, mlandu waukulu usanayambe kapena uli mkati. Ayenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti zikuoneka ndithu kuti ufuluwo ulipo, ndi kuti kuchedwa kudzabweretsa chiwonongeko chachikulu chovuta kukonza. Woweruza akhoza kulamula asanamve mbali inayo ngati kuidziwitsa kungawononge cholinga, ndipo mbaliyo imamvedwa pambuyo pake.

Chida ichi ndi chakuthwa konsekonse. Chiletso chimafa ngati mlandu waukulu sunaperekedwe pasanathe masiku 30 chidziwitsidwe wopemphayo za chigamulo. Choncho mapepala a mlandu waukulu akhale atakonzeka kale tsiku lopempha chiletso. Woweruza akhoza kufuna ndalama ya chikole. Zikadzaoneka kuti chiletsocho chinalibe maziko ndipo wopemphayo sanasamale, iye ndiye amalipira zimene winayo wataya. Ndipo amene anadziwa za kubako chaka chatha n'kukhala chete adzavutika kukhutiritsa woweruza kuti nkhaniyi ndi yachangu.

Khoti liti, dziko liti

M'dziko muno, mlandu wa chipukutamisozi chochokera pa cholakwa umapita ku khoti la kumene cholakwacho chinachitikira. Pa milandu ina lamulo lachizolowezi ndi khoti la kumene wosumiridwa amakhala. Kwa anthu a ku Domwe khoti lapafupi ndi la boma la Angónia ku Ulónguè. Mtengo wa mlandu ndi mtundu wake zikhoza kuukweza kupita ku khoti la chigawo mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200. Mtengo umene loya walemba pa mlandu umakhudza khoti loyenera, ndondomeko yotsatidwa, mwayi wochita apilo ndi ndalama zolipira ku khoti. Kulemba mamiliyoni a meticais chifukwa cha mkwiyo kumangokweza ndalama zimene wosuma yemweyo adzatulutse.

Chinenero cha khoti ndi Chipwitikizi. Mawu a nyimbo ya Chichewa, mauthenga a pa foni ndi mgwirizano wolembedwa m'Chingerezi ku Malawi ziyenera kumasuliridwa, ndipo mboni zimafunika womasulira. Pa mlandu wofananitsa mawu a nyimbo ziwiri, kumasulira kofooka kungabise kufanana kumene aliyense wa ku Domwe angakumve ndi khutu. Loya asankhe womasulira mosamala ndipo aike mawu a Chichewa ndi a Chipwitikizi mbali ndi mbali.

Kubako kukachitikira kutsidya, nkhani imasintha. Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, Moçambique mu 2013. Panganoli limati ntchito ya munthu wa dziko lina la m'panganomo itetezedwe ngati ya nzika, popanda kalembera, ndipo chitetezocho chimatsata lamulo la dziko limene chikupemphedwa. Nyimbo ya ku Domwe yobedwa ku Lilongwe imatetezedwa ndi Copyright Act ya Malawi ya 2016, osati ndi lamulo la kuno. Kusiyana kwake n'kwenikweni. Ku Malawi ufulu wa chuma umatha zaka 50 mwini atamwalira, kuno 70. Ntchito ya wolemba wa ku Moçambique amene anamwalira mu 1970 ikutetezedwabe kuno mpaka 2040, pomwe ku Malawi nthawi yake inatha mu 2020.

Funso lothandiza ndi lakuti: katundu ndi ndalama za wolakwayo zili kuti? Chigamulo cha khoti la kunja sichigwira ntchito m'dziko muno Tribunal Supremo isanachiunike ndi kuchitsimikiza, ndipo chigamulo cha kuno chimafunikanso ndondomeko yake kuti chigwire ntchito ku Malawi. Kawirikawiri njira yaifupi ndi kusuma kumene wolakwayo ali. Zikatero pafunika loya wololedwa kugwira ntchito ku Malawi, ndipo khoti la kumeneko likhoza kulamula wosuma wokhala kunja kuti aike chikole cha ndalama za mlandu. COSOMA, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1992, ndi khomo loyenera kugogoda musanasume.

Wosumiridwa ndani, ndipo mukupempha chiyani

Mnyamata wobena nyimbo pa khonde la sitolo ndiye amaoneka, koma alibe choti khoti lingagwire, ndipo mawa wina adzakhala pamalo pake. Loya atsate mzere wonse: anakopa ndani, anagawa ndani, analipira kanema wotsatsa uja ndani, anapindula ndani. Ndime 497 ya Código Civil imati olakwa akakhala angapo, aliyense angafunsidwe chipukutamisozi chonse. Izi zimalola kulunjika pa amene ali ndi katundu. Koma dzina lililonse lowonjezera limabweretsa samani ina yoti iperekedwe, ndipo munthu mmodzi wosapezeka angachedwetse mlandu wonse.

Za ndalama, mwini ntchito auzidwe zoona kuyambira tsiku loyamba. Nkhani za ku United States, kumene lamulo lili ndi mitengo yoikiratu ya chipukutamisozi pa ntchito yolembetsedwa, zisamusocheretse. Pansi pa Código Civil, khoti limayang'ana chimene munthu wataya ndi phindu limene akanapeza, ndipo lingawonjezere chipepeso cha kunyozedwa kwa dzina. Zonsezi zimafuna manambala. Chilolezo chotere chikanagulidwa ndalama zingati? Woimbayo amalipidwa zingati akaitanidwa? Malonda ake anatsika bwanji? Amene amasunga malisiti ndi mapangano ake akale ali ndi poyambira. M'pempho mulowenso zimene si ndalama: kuletsa, kulanda katundu wokopedwa ndi kubwezeretsa dzina la mwini.

Phunziro la nyimbo ya Mbube

Mlandu wodziwika kwambiri kum'mwera kwa Africa ukuonetsa mphamvu ya zisankho zoyambirira. Solomon Linda anajambula nyimbo ya Mbube ku Johannesburg mu 1939, n'kupereka ufulu wake pa ndalama yochepa kwambiri. Nyimboyo inasanduka The Lion Sleeps Tonight, inatchuka dziko lonse, ndipo inamveka mu filimu ya Disney ya 1994, The Lion King. Linda anamwalira ali wosauka mu 1962.

Loya Owen Dean, amene anatenga nkhaniyi m'malo mwa banja, anasankha zinthu zitatu asanasume mu 2004. Pa lamulo, anabwerera ku lamulo la Britain la 1911, limene linkagwiranso ntchito ku South Africa, lonena kuti ufulu wogulitsidwa umabwerera ku chuma cha malemu pakatha zaka 25 iye atamwalira, kutanthauza 1987. Pa wosuma, popeza ufuluwo unabwerera ku chuma cha masiye, anatsegulitsanso nkhani ya chumacho kuti pasankhidwe woyang'anira, ndipo woyang'anirayo ndiye anasuma. Pa khoti, popeza kampaniyo inali ya kunja, anapempha khoti la ku Pretoria kuti ligwire zizindikiro zake zamalonda zoposa 200 zolembetsedwa ku South Africa, kuti khotilo likhale ndi mphamvu pa iyo. Disney inayesa kuchotsetsa lamulo logwira zizindikirolo koma khoti linakana. Mu Febuluwale 2006, mlandu usanazengedwe, kampani ya Abilene Music, imene inkapereka chilolezo cha nyimboyo, inagwirizana ndi banja la Linda kulipira ndalama zimene sizinalengezedwe, ndipo Linda anazindikiridwa monga mmodzi wa opeka.

Malamulo amene Dean anagwiritsa ntchito ndi a ku South Africa, ndipo sangakopedwe momwemo ku Ulónguè. Chotengapo ndi kaganizidwe kake: lamulo liti, wosuma uti, khoti liti. Palibe mboni imene inaimirira kunena za nyimbo, koma banja linapeza chimene linkafuna.

Mukakhala mbali ya wosumiridwa

Loya wa wosumiridwa nayenso ali ndi zisankho zachangu. Choyamba ndi tsiku limene samani inalandiridwa. Pa ndondomeko yotchedwa ordinário, yankho limafunika pasanathe masiku 20, ndipo pa ndondomeko yachidule masiku ndi ocheperapo. Wosayankha amatengedwa kuti wavomereza zimene zanenedwa. Mfundo zonse zodzitetezera zilowe m'yankho loyambalo, chifukwa zambiri siziloledwa pambuyo pake.

Afunse motsatana: kodi khotili ndi loyenera? Kodi wosumayu ndi mwini ufulu? Kodi zaka zitatu zinadutsa? Mfundo ya nthawiyi khoti siliidzutsa lokha. Wosumiridwa ayenera kuitchula. Kodi panali chilolezo, ngakhale cha pa uthenga wa foni? Kodi chimene chatengedwa ndi chotetezedwa? Lamulo limateteza kapangidwe, osati ganizo chabe: aliyense angaimbe za ulimi wa mbatatesi kapena za ulendo wa ku Joni, bola asatenge mawu ndi maimbidwe a mnzake. Malamulo a boma ndi nkhani wamba za tsiku sizitetezedwa. Palinso zololedwa, monga kugwira mawu ochepa potchula mwini wake, kugwiritsa ntchito pophunzitsa, kapena kukopera zoti munthu agwiritse yekha, malinga ndi malire amene lamulo laika. Wosumiridwa asafufute kanthu. Ngati cholakwa chikuonekeratu, kusiya msanga ndi kupempha kukambirana kumachepetsa ngongole.

Kumene mungapeze thandizo

Amene alibe ndalama za loya apite ku IPAJ, nthambi ya boma yopereka thandizo la zamalamulo kwa osowa, ndipo afunsenso za kukhululukidwa ndalama za ku khoti. Maloya ololedwa amalembetsedwa ku Ordem dos Advogados de Moçambique. Za kalembera wa ntchito zaluso funsani ku INICC kapena ku ofesi yoona za chikhalidwe m'boma lanu. Za ndalama za kuulutsa funsani ku SOMAS.

Popita kwa loya koyamba, tengani chiphaso chanu, ntchito yanu monga munaipangira poyamba, mapepala onse amene munasainapo, mayina a onse amene munagwira nawo ntchitoyo, umboni wa kubako, ndi tsiku limene munadziwa za nkhaniyi. Tsiku limenelo ndilo loya adzayambire kuwerengera.